Mmene mungapezere ngalande zonse m'mizu ya mano achibwano a m'munsi

Dzino lachibwano loyamba la m'munsi limamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, ndipo popeza limatulukira kumbuyo kwa mano a ubwana popanda lina kuguluka, makolo ambiri sazindikira kuti ndi dzino lokhalitsa. Pamene likufika m'manja mwa dokotala limakhala litabowoka kale kwambiri, ndipo wodwala akasankha kuti lisazulidwe, ntchito imene imatsala ndi kuchotsa mtsempha wodwalawo, kuyeretsa ngalande za m'mizu yake ndi kuzimata. Ntchitoyi ikalephereka, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chakuti ngalande ina inatsala yosapezeka, tizilombo tinapitiriza kuswana mmenemo, ndipo pakapita miyezi wodwala amabweranso ndi chotupa pa dzino limene anauzidwa kuti lachira. Kafukufuku amene Karabucak ndi anzake anafalitsa mu 2016 ku United States, pounika zithunzi za CBCT, mtundu wa X-ray woonetsa dzino mbali zonse, anapeza kuti pa mano akumbuyo 100 alionse amene mizu yake inali itamatidwa kale, pafupifupi 23 anali ndi ngalande yosiyidwa, ndipo m'mano oterowo chiopsezo chokhala ndi bala kunsonga kwa muzu chinali chachikulu kuposa kanayi poyerekeza ndi ena.

Malangizo awa ndi a madokotala a mano, othandizira awo ndiponso ophunzira. Kuno ku Malawi maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo pamene madokotala akuchuluka, mano amene kale akanangozulidwa ayamba kupulumutsidwa. Makina a CBCT ndi maikulosikopu sapezeka m'zipatala zambiri, choncho ndatsamira pa zimene chipinda wamba cha mano chingakhale nazo: X-ray yaing'ono, nyale yowala, kalilole woyera, mafayilo a m'manja (tizitsulo topyapyala toyeretsera ngalande) ndi nthawi yokwanira. Mfundo imene ndikufuna kuti muigwire ndi yakuti chiwerengero cha ngalande chimachokera pa zimene dzino lenilenilo lakuonetsani, osati pa zimene munaloweza m'kalasi.

Choyamba, dziwani zimene mukufunafuna

Dzino loyamba lachibwano nthawi zambiri limakhala ndi mizu iwiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo. Muzu wakutsogolo ndi wotakata kuchokera kutsaya kupita kulilime koma wopyapyala kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo mutaudula pakati mungaone kuti ukufanana ndi nyemba, mchombo wake utayang'ana pamphanda pamene mizu imasiyanirana. Muli ngalande ziwiri, ya mbali ya tsaya imene timaitchula MB ndi ya mbali ya lilime imene timaitchula ML. Muzu wakumbuyo ndi wowongokerapo, ndipo ngalande yake ikakhala imodzi imakhala yaikulu ndi yotambalala. Chimenechi ndicho chithunzi cha m'mabuku, koma pamene de Pablo ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa mayiko ambiri mu 2010, wokhudza mano oposa 18,000, anapeza kuti ngalande zitatu zinalipo m'mano pafupifupi 61 okha pa 100 alionse, ngalande zinayi m'mano pafupifupi 36, ndipo zisanu m'dzino limodzi pa 100. Dokotala amene amasiya kufufuza akangopeza zitatu ndiye kuti akulakwitsa dzino limodzi pa atatu alionse.

Ngalande sizimangochuluka chabe, zimagawikanso ndi kukumana m'kati mwa muzu. Vertucci mu 1984 anaika mayendedwe ake m'magulu 8, ndipo pa mano amenewa anayi ndiwo ofunika kuwakumbukira: ngalande imodzi kuchokera pamwamba mpaka kunsonga, ziwiri zimene zimakumana n'kutuluka ngati imodzi, ziwiri zimene zimayenda padera mpaka kunsonga, ndi imodzi imene imagawika pawiri m'kati mwa muzu. Mu muzu wakutsogolo, zoyenda padera ndizo zochuluka, zokumana zikutsatira. Pakati pa MB ndi ML pamakhalanso kawirikawiri kampata kopyapyala kolumikiza ziwirizo, kotchedwa isthmus, kamene fayilo siingathe kulowamo koma kamasunga minofu yakufa, ndipo kafukufuku wa de Pablo uja anakapeza m'mizu yakutsogolo yoposa theka. Nthawi zina m'kampatako mumakhala ngalande yachitatu yeniyeni, yapakati, imene Pomeranz ndi anzake anaifotokoza mu 1981 kuti imatha kukhala yoima payokha, yokalowa mu inzake, kapena kungokhala kakhwawa kosazama. Imapezeka kwambiri mwa achinyamata, chifukwa munthu akamakula dentini, gawo lolimba la dzino limene lazungulira ngalande, imaonjezekera m'kati n'kuitseka.

Kusiyana kwina ndi kwa muzu wachitatu umene umamera kumbuyo mbali ya lilime, wotchedwa radix entomolaris, umene Carabelli anautchula m'chaka cha 1844. Umakhala waufupi kapena wofanana ndi unzake, koma kawirikawiri ndi wokhota kwambiri, ndipo kukhotako kumaloza kutsaya, mbali imene X-ray wamba siingaonetse. Ukamera mbali ya tsaya umatchedwa radix paramolaris, koma umenewu ndi wosowa. Pa dzino lachiwiri lachibwano, chimene chimasokoneza ndi mizu yomatirirana imene ngalande yake imapindika ngati chilembo C, monga Cooke ndi Cox analembera mu 1979.

Zinthu zimenezi zimatsata mtundu wa anthu. Muzu wachitatu ndi wofala pakati pa anthu a ku China, a Inuit ndi eni nthaka a ku America, kumene umatha kufika kapena kupitirira 30 pa 100 alionse, pamene pakati pa anthu a mu Africa umakhala pafupifupi 3. Ku Senegal, Sperber ndi Moreau mu 1998 anaunika mano oyamba 480 ndipo anapeza muzu wachitatu m'mano 15, ngalande zinayi m'mano 120. Ku Sudan, Ahmed ndi anzake mu 2007 anapezanso muzu wachitatu m'mano 3 pa 100, koma ngalande zinayi zinalipo m'mano 59 pa 100, ndipo mano achiwiri 10 pa 100 anali ndi maonekedwe a C. Taonani kuti mayiko awiri a mu Africa mommuno akugwirizana pa muzu wachitatu koma akusiyana kutali pa ngalande yachinayi. Kwa ife, ngalande yachiwiri ya muzu wakumbuyo ndiyo tiyenera kuiyembekezera tsiku ndi tsiku, ndipo muzu wachitatu tiukumbukire ngakhale umabwera mwa apo ndi apo.

Chachiwiri, yang'anani dzino musanaligwire ndi chobowolera

Maonekedwe a kunja amanena zambiri. Nsonga yowonjezera pamwamba pa dzino, kapena kutukuka kwa mbali yakumbuyo ya kulilime, ndi chizindikiro chakuti pansi pake pangakhale muzu wachitatu. Yendetsani kachitsulo koyezera nkhama mozungulira khosi la dzino lonse, ndipo mukamva kuti khosilo latukuka pamalo amenewo, kukayikira kwanu kuonjezereke. Kuyendetsa kachitsuloko kumakuthandizaninso kudziwa malire enieni a khosi, ndipo chipinda cha mtsempha, mpata wa m'kati mwa dzino pamene ngalande zimayambira, chimakhala pakati penipeni pa malire amenewo, ngakhale pamwamba pa dzino patagumuka kapena patavekedwa chisoti chopendekeka.

Onaninso mmene dzino laimira. Dzino lachiwiri limagwera kutsogolo pamene loyamba linazulidwa kalekale, zomwe timaziona kwambiri mwa odwala athu, ndipo mukabowola molunjika pansi osatsata kupendekeka kwake mudzatulukira kukhosi mbali yakutsogolo. Zaka za wodwala nazonso zikuuzeni kanthu: mwa wachinyamata yembekezerani chipinda chachikulu ndi ngalande yapakati, mwa wachikulire kapena m'dzino lomwe linamatidwa kale mozama yembekezerani chipinda chofinyika ndi makomo a ngalande obisika.

Chachitatu, jambulani zithunzi ziwiri

Chithunzi chimodzi cholunjika chimaunjika ngalande ya kutsaya pamwamba pa ya kulilime, ndipo ziwirizo zimaoneka ngati imodzi. Jambulani cholunjika, kenako sunthani mutu wa makina madigiri 20 mpaka 30 kupita kutsogolo, filimu kapena sensa ili pamalo omwewo, n'kujambulanso. Pa chithunzi chachiwiricho zimene zinaunjikana zimapatukana, ndipo lamulo lakale la Clark limakuuzani kuti chimene chasunthira mbali imene makina asunthira chili kulilime, pamene chimene chasunthira mbali inayo chili kutsaya. Ndimaona kuti ambiri amadumpha chithunzi chachiwirichi pofuna kupulumutsa filimu, koma mtengo wa filimu imodzi sungafanane ndi mtengo wobwereza ntchito yonse.

Poyang'ana zithunzizo musathamangire kunsonga kukaona bala. Yambani mwatsata mzere wakuda wopyapyala umene umazungulira muzu uliwonse, ndipo ngati pa muzu wakumbuyo mukuona mizere iwiri yoyenda limodzi, kapena muzuwo ukuoneka wosalongosoka ngati pali china chophimba, ganizirani muzu wachitatu. Kenako tsatani ngalande kuchokera m'chipinda kupita pansi. Ngalande yooneka bwino imene yazimiririka mwadzidzidzi pakati pa muzu siinathere pamenepo, koma yagawika pawiri, ndipo nthambi zake n'zazing'ono moti sizikuoneka. Ngalande imene siili pakati pa muzu, yatsamira mbali imodzi, ili ndi inzake mbali inayo. Pa dzino lachiwiri, mizu yosongoka ngati imodzi, yokhala ndi kamzere kakuda kosaoneka bwino kotsika pakati pake, ndiyo chizindikiro cha C.

Musanachoke pa chithunzicho chitani zinthu zina ziwiri. Ikani chobowolera chanu pa chithunzi cholunjika kuti muone kuzama kumene mungafike musanagunde pansi pa chipinda, ndipo onani mtunda wa pakati pa nsonga za mizu ndi ngalande ya mtsempha waukulu wa m'nsagwada, chifukwa pa dzino lachiwiri ziwirizi zimayandikana kwambiri ndipo mankhwala opitirira nsonga angachititse dzanzi la mlomo losatha msanga. Kumene CBCT ilipo, chithunzi cha dera laling'ono n'choyenera pamene zithunzi ziwirizi zakusiyani mukukayikabe, koma si cha dzino lililonse.

Chachinayi, tsekulani mokwanira koma osakhudza pansi

Mukabaya mankhwala a dzanzi ndi kuika rubber dam, kansalu ka labala kotchinga dzino kuti malovu asalowe, chotsani kuwola konse ndi zomata zakale zogwedera musanalowe m'chipinda. Khomo lolowera likhale la mbali zinayi, lotakata kutsogolo ndi lochepera pang'ono kumbuyo. Khomo la makona atatu limene ena anaphunzira limachokera pa ganizo lakuti kumbuyo kuli ngalande imodzi, ndipo nsonga yake yopapatizayo ndiyo imaphimba ngalande yachinayi.

Deutsch ndi Musikant anayeza mano achibwano mu 2004 ndipo anapeza kuti kuchokera pa nsonga ya dzino ya kutsaya kufika pa denga la chipinda ndi mamilimita pafupifupi 6, chipindacho n'chakuya milimita imodzi ndi theka kapena awiri, ndipo kuchokera pansi pa chipinda kufika pamphanda ndi mamilimita pafupifupi 3 okha. Choncho mukafika mamilimita 7 osamva kuti chobowolera chagwera m'chipinda, imani ndi kujambula, chifukwa m'dzino lokalamba denga ndi pansi zimatsala pang'ono kukhudzana ndipo mungadutse chipinda osadziwa. Mukalowa, sinthani chobowolera n'kutenga chosadula kunsonga, chonga Endo-Z, ndipo chotsani denga lonse mokokera kunja mpaka makoma akhale osalala ndipo kachitsulo kofufuzira kasakodwe paliponse. Mbali ya MB ndiyo imatsala kawirikawiri, chifukwa khomo lake lili pansi penipeni pa nsonga ya dzino ya kutsogolo ya kutsaya.

Chachisanu, werengani pansi pa chipinda

Apa ndi pamene ntchito yonse imapindulira kapena kutayikira, ndipo m'pofunika kudekha. Tsukani chipinda ndi mankhwala otsukira a sodium hypochlorite mpaka magazi aleke, umitsani bwino, pukutani kalilole, ndipo ngati muli ndi magalasi okulitsa avaleni. Pansi pa chipinda chouma pamaoneka potuwa moderako, pamene makoma ake ndi oyererapo kapena achikasu, ndipo pansipo pamadutsa timizere takuda tolumikiza khomo lina ndi linzake. Krasner ndi Rankow, ataunika zipinda za mano 500, analemba mu 2004 malamulo amene amathandiza kwambiri pano. Makomo a ngalande amakhala pamalire pamene pansi pakuda pakumana ndi khoma loyera, makamaka m'makona, ndiponso pamene timizere takuda tija tathera. Kamzere kakatsogolera ku khoma n'kuzimiririka pansi pa kashelefu ka dentini yoyera, khomo lili pansi pa kashelefuko, ndipo chimene muyenera kuchotsa ndi kashelefu, osati pansi pakudapo.

Lamulo lina lawo ndi la kufanana kwa mbali ziwiri. Yerekezani mzere wodutsa pakati pa chipinda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Ngalande yakumbuyo ikakhala imodzi, khomo lake limakhala pa mzere umenewu. Mukalipeza litatsamira kutsaya, funani linzake kulilime pa mtunda wofanana, ndipo mukalipeza kulilime funani kutsaya. Fayilo nayonso imachitira umboni: ikalowa m'ngalande yakumbuyo chogwirira chake n'kupendekera kulilime, ndiye kuti nsonga yake yaloza kutsaya, ndipo n'kutheka kuti pali ina yoloza kulilime. Khomo lalikulu lotambalala musalikhulupirire msanga, chifukwa limatha kugawika mamilimita angapo pansi. Pindani nsonga ya fayilo yopyapyala ya nambala 10, muitsitse ikukhudza khoma la kutsaya, muitulutse, muitembenuze, muitsitsenso ikukhudza khoma la kulilime, ndipo mukamva kuti yakodwa pa kamtunda pakati kapena yalowa njira ina, ngalandezo ndi ziwiri.

Khomo la muzu wachitatu limakhala kutali kulilime kuposa mmene mungaganizire, nthawi zina kutsogoloko pang'ono kwa khomo lakumbuyo, ndipo kawirikawiri limaphimbidwa ndi dentini. Ngati X-ray kapena khosi la dzino linakuchenjezani, kulitsani khomo lolowera kupita ku kona imeneyo pang'onopang'ono mukutsata kamzere kakuda.

Tsopano bwererani pakati pa MB ndi ML. Yendetsani kachitsulo kosongoka ka DG16 m'kakhwawa kolumikiza makomo awiriwo, mukukanikiza pang'ono, ndipo imvani ngati kakukodwa penapake. Ngati khoma lakutsogolo laweramira pa kakhwawako, lichotseni ndi nsonga ya ultrasonic, kachitsulo konjenjemera mofulumira kwambiri, kapena kachobowolera kakang'ono kozungulira ka khosi lalitali koyenda pang'onopang'ono, mukudyera mbali yakutsogolo, osati mbali ya mphanda, ndipo musazame kupitirira mamilimita 2. Fumbi loyera la dentini limadzaza m'kakhwawa n'kuonetsa kamzere koyera, ndipo kadontho koyera kokulirapo pa mzerewo kangakhale khomo. Njira ina ndi yodzaza chipinda ndi hypochlorite n'kudikira osachigwedeza: pamene patsala minofu pamatuluka timathovu ting'onoting'ono tokwera motsatizana kuchokera pamalo amodzi. M'dzino la mtsempha wamoyo, kadontho ka magazi kobwereranso pamalo omwewo mukaumitsa kamanena chimodzimodzi, ndipo utoto wa methylene blue umatsalira m'makomo mukautsuka. Mukachita zonsezi n'kupeza kuti kakhwawako n'kosalala ndipo fayilo ya nambala 8 kapena 10 siikulowa paliponse, lekani. Kufunafuna ngalande imene kulibe kwaboola mano ambiri pamphanda, ndipo dzino lobooka pamenepo lili pangozi yaikulu kuposa limene lili ndi kampata kosayeretsedwa ndi fayilo.

Pa dzino lachiwiri lokhala ndi C, pansi pa chipinda pamakhala pozama kuposa masiku onse, ndipo m'malo mwa makomo osiyana mudzaona kakhwawa kamodzi kopindika, kawirikawiri kochokera kumbuyo kudzera kutsaya kupita kutsogolo, nthawi zina ML itaima payokha. Fan ndi anzake anasonyeza mu 2004 kuti maonekedwewa amasintha muzu ukamatsika, kotero chimene mukuona pamwamba sichikulonjezani zimene zili pansi.

Chachisanu ndi chimodzi, dziwani kumene ngalande iliyonse ikupita

Lowani m'ngalande iliyonse ndi fayilo ya mtundu wa K ya nambala 8 kapena 10 yopindidwa nsonga, chipinda chili chodzaza ndi mankhwala otsukira, mukuipotoza pang'ono uku ndi uku popanda kuikakamiza. Yezani kutalika ndi apex locator, makina oonetsa pamene fayilo yafika kunsonga kwa muzu, ngati ilipo, kenako tsimikizani ndi X-ray yopendekeka, mutaika fayilo ya K m'ngalande ina ndi ya mtundu wa Hedstrom mu inzake kuti muzisiyanitse pa chithunzi. Dzino loyamba limatalika mamilimita pafupifupi 21, koma nambala imeneyi ingokuthandizani kuzindikira pamene muyeso wanu wasokonekera. Chithunzi chimenechi chiyang'aneninso ndi diso lofufuza: fayilo imene siili pakati pa muzu ikukuuzani kuti pali ngalande ina imene simunaipeze.

Kuti mudziwe ngati MB ndi ML zikukumana, ikani gutta-percha yopyapyala, kandodo kofewa komatira ngalande, m'ngalande imodzi mpaka kunsonga, lowetsani fayilo mu inzakeyo, kenako tulutsani gutta-percha n'kuiyang'ana. Kachipsera kamene fayilo yasiya kakusonyezani pamene ziwirizo zakumana. Njira ina ndi yoyamwa mankhwala m'ngalande imodzi n'kuona ngati akutsikanso mu inzake. Zikakumana, sankhani yowongokerapo, imene kawirikawiri imakhala ML, muikonze mpaka kunsonga, ndipo inayo muikonze kulekeza pokumanirapo. Kukakamiza fayilo kudutsa pa kona ya pokumanirapo ndi njira yachidule yoithyolera m'kati.

Chachisanu ndi chiwiri, kulitsani mosamala, tsukani kwambiri

Khoma la muzu wakutsogolo loyang'ana pamphanda, pa mchombo paja, ndi lopyapyala, nthawi zambiri longopitirira pang'ono milimita imodzi. Abou-Rass, Frank ndi Glick anachenjeza za dera limeneli mu 1980 ndipo analangiza kuti fayilo izidyera makoma okhuthala, kutali ndi mphanda. Choncho pokulitsa kumtunda kwa MB kokerani kutsogolo ndi kutsaya, pa ML kokerani kutsogolo ndi kulilime, ndipo zobowolera zazikulu za Gates-Glidden musazitsitse m'mizu imeneyi. Ngalande yapakati ili pamalo opyapyala koposa, motero isakulitsidwe kufanana ndi zinzake.

Muzu wachitatu umafuna ulemu wapadera. De Moor ndi anzake mu 2004 anaugawa m'mitundu itatu: wowongoka, wokhota polowera kenako n'kuwongoka, ndi wokhota polowera n'kukhotanso kachiwiri kupita kutsaya kuyambira pakati mpaka kunsonga. Popeza kukhota kwachiwiriko sikuoneka pa chithunzi, uyeseni wokhota mpaka fayilo yaing'ono itakuuzani zina. Fayilo ya nambala 10 ikatuluka imabwera itapindika motsata njira imene yadutsa, ndiye iyang'aneni musanaipukute. Wongolani polowera, tsegulani njira ndi mafayilo a m'manja kufika nambala 15, ndipo pokhapo mulowetse mafayilo a nickel-titanium opyapyala ndi ofewa, atsopano ngati n'kotheka.

M'ngalande ya C ndi m'timipata tonse, chitsulo chimakhudza gawo lochepa la makoma, ndipo ntchito yaikulu imagwiridwa ndi mankhwala. Gwiritsani ntchito hypochlorite yambiri, yosinthidwa pafupipafupi, ya mphamvu ya pakati pa 1 ndi 5.25 peresenti malinga ndi zimene chipatala chanu chimatsata, ndi singano yotulutsira m'mbali imene siikuthina m'ngalande ndipo yalekeza mamilimita 2 kapena 3 nsonga isanafike. Gwedezani mankhwalawo ndi ultrasonic, ndipo ngati palibe, gutta-percha yokwana bwino yoyendetsedwa mmwamba ndi pansi mofulumira kwa mphindi imodzi imathandiza ndithu. Malizani ndi mankhwala ena otsukira, EDTA ya 17 peresenti. Pa C pewani kudyera khoma la m'kati mwa chipindikocho, limene kawirikawiri lili kulilime, chifukwa ndi lopyapyala kwambiri. Ngati magazi kapena mafinya sakuleka, ikani mankhwala a calcium hydroxide m'ngalande, tsekani bwino, ndipo wodwala abwerenso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ululu wopitirira pambuyo poti ngalande zonse zodziwika zayeretsedwa ukubwezereni pansi pa chipinda kukayang'ananso musanaganize zopereka maantibayotiki.

Pomata, gutta-percha yofewetsedwa ndi moto imalowa bwino m'timipata ndi m'ngalande ya C kuposa yozizira. Ngati muli ndi yozizira yokha, ikani zikuluzikulu ziwiri kumapeto onse a C musanadzaze pakati, ndipo musakanikize mwamphamvu pa makoma opyapyala. Pamene ngalande ziwiri zikumana, yambani ndi imene munaikonza mpaka kunsonga.

Pomaliza, tsimikizani, lembani, ndipo dziwani potumiza

Chithunzi chomaliza chikhalenso chopendekeka. Chomata chimene chatsamira mbali imodzi ya muzu, kapena kamzere ka sealer, phala lomatira gutta-percha m'ngalande, kolowera kumene simunakonze, ndi chizindikiro chakuti mubwererenso dzino lisanatsekedwe kotheratu. Dzino likamatidwa mizu liphimbidwe msanga ndi chomata cholimba kapena chisoti chogwira nsonga zake, chifukwa malovu akalowa ntchito yonse ya pansi imaonongeka, ndipo wodwala abwere kudzajambulidwa pakatha chaka.

Kutumiza wodwala kwa mnzanu amene ali ndi maikulosikopu kapena CBCT ndi gawo la chithandizo chabwino. Chitani zimenezi pamene chipinda chatsekeka moti makomo sakuoneka, pamene muzu wachitatu wakhota moti fayilo ya nambala 10 siikufika, pamene C yagawika m'munsi, kapena pamene mukubwereza dzino limene lili ndi fayilo yothyokera, ndipo ndi bwino kutumiza musanaboole muzu mwangozi kusiyana ndi mutauboola. Ngakhale amene ntchito yawo yaikulu ndi kuzula apindula ndi chithunzi chopendekeka chija, popeza muzu wachitatu ndi wopyapyala ndi wokhota, umathyoka mosavuta, ndipo ungatsalire m'nsagwada dokotala atawerenga mizu iwiri n'kukhutira.

Zimene mwapeza zilembeni m'fayilo ya wodwala ndi m'buku lake la kuchipatala: chiwerengero cha mizu, chiwerengero cha ngalande, kutalika kwa iliyonse, pamene zakumana, ndi nsonga ya dzino imene munayezerapo. Muzu wachitatu ndiponso ngalande ya C zimakonda kupezeka mbali zonse ziwiri za nsagwada, choncho muuzeninso wodwalayo m'mawu osavuta kuti dzino lake lili ndi muzu kapena ngalande yowonjezera, kuti akadzadwala la mbali inayo adzadziwitse dokotala amene adzamuthandize.